Mabisiketi a Apongozi

Ndine wophika makeke, ndipo ndatopa. Sindikunena kutopa kwa msana ndi miyendo, kumeneko ndinakuzolowera kalekale. Ndikunena kutopa kosenza nkhani. Anthu a mumsewu wathu amadziwa theka lake, ndipo theka lomwe akudziwalo ndi labodza. Paja amati mlandu suola. Wangawu watha zaka ziwiri ukadali wauwisi, ndiye ndati ndiutule pano, mwina ndingapumeko.

1

Amuna anga anafika Lachinayi masana, pomwe tinkawayembekezera Lamlungu. Ndinali kukhitchini ndikukongoletsa keke ya ukwati, manja ali mbuu ndi shuga, nditangowaona alowa ndi chikwama chawo cha paulendo, fulasiki ikulendewera pambali. Sanapereke moni. Anakhala pampando osavula nsapato, munthu amene amadzudzula ngakhale mlendo akaponda kapeti ndi nsapato.

Ntchito yawo inali yoyendetsa galimoto yaikulu yonyamula mafuta. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamsewu, osagundapo ngakhale nkhuku. Mowa sadziwa kakomedwe kake, ndipo wina akayatsa fodya pafupi amatsokomola mwadala kuti wosutayo achite manyazi. Anzawo kuntchito ankawatcha Abusa.

"Andiimitsa ntchito," anatero. "Akuti m'thupi mwanga muli chamba."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka ndithu, poyesa kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Anafotokoza akuyang'ana pansi kuti dzulo lake m'mawa anaima pambali pa msewu n'kumwa tiyi monga mwa nthawi zonse. Atayenda ola limodzi ndi theka, msewu unayamba kutalika. Mtima unkagunda ngati wathamanga, m'kamwa munauma gwa, manja ankaoneka ngati a munthu wina. Anayesa kuimika galimoto, koma mbali yake inakhula chitsulo cha m'mphepete mwa mlatho. Kumbuyo kwawo kunali petulo wodzadza thanki, ndipo kunsi kwa mlathowo amayi ankachapa. Palibe anavulala. Koma lamulo la kampani ndi lakuti galimoto ikangokhula chinthu, woyendetsa ayezedwe mkodzo tsiku lomwelo.

Apa m'pamene kuseka kunandithera. Ndinatenga chikwama chija kuti ndichotse zakuda, ndipo chitini chimene ndinkawaikiramo mabisiketi a paulendo chinali chopepuka, mulibe ngakhale kanyenyeswa. Ndinachitsuka nthawi yomweyo. Ndinachitsukanso kachiwiri.

2

Pakhomo pathu tinkakhala anthu anayi, popeza ana athu awiri anali kusukulu yogonera konko. Wachitatu anali apongozi anga, amayi awo a amuna anga, amene tinawatenga atawapeza ndi khansa. Mayi ameneyu anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasi, unkayamba kukumbukira machimo ako onse, ngakhale a chaka chatha. Koma mankhwala a m'dilipi anawatha mphamvu. Tsitsi linathothoka, chilichonse cholowa m'kamwa chinkabwerera, ngakhale madzi enieniwa. Ululu ukawagwira ankaluma pilo kuti ife tisamve.

Wachinayi anali mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, wowotcherera zitsulo. Dzina lake lenileni lilipo, koma aliyense amamutcha Utsi, ndipo dzinalo sanalipeze kutchalitchi. Ali mnyamata ankasuta chamba koopsa. Kusukulu anamuchotsa, wailesi ya amayi ake anagulitsa, kupolisi anagonako kawiri. Koma pamene izi zinkachitika n'kuti atasiya zaka zinayi zapitazo. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ndipo ndi iye amene ankawanyamula apongozi kupita nawo kubafa, kuwasisita miyendo, kukhala nawo pamzere kuchipatala tsiku lathunthu. Amuna anga ankapereka chilichonse chofunika, sindingawanamizire, koma anali munthu wa pamsewu. Manja ogwira wodwala anali a Utsi ndi anga.

Ine ndi iye tinkaserewulana ngati mmene alamu amachitira. Akalowa kukhitchini ankati keke yanga yapendekeka, abweretse makina aiwotcherere. Ine ndinkamubwezera kuti maso ofiirawo bwanji, mwayambiranso kodi? Maso ake ankafiira ndi moto wa kuntchito, chifukwa magalasi ake owotcherera anali osweka mbali imodzi ndipo ankangoti agula mawa. Tonse tinkadziwa zimenezi. Sindinkadziwa kuti nthabwala yanga idzasanduka umboni.

Chinanso muyenera kudziwa ndi ichi. Miyezi iwiri izi zisanachitike, apongozi anali atayambanso kudya. Ankagona bwino, masaya anayamba kubwerera, mpaka anayambiranso kundidzudzula kuti ndikuwononga shuga. Amuna anga ankati ndi mapemphero. Adokotala ankati mwina thupi lazolowera mankhwala. Ine sindinkanenapo kanthu.

3

Utsi anaweruka cha m'ma folo koloko tsiku lomwelo, akuimba mluzu, atanyamula nthochi za amayi ake. Achimwene ake anakumana naye pabwalo.

Mlandu unali utaweruzidwa kale m'mutu mwa amuna anga. Ndani anathira tiyi m'fulasiki m'mawa wa tsiku lonyamuka? Utsi, chifukwa ine ndinali wotanganidwa ndi uvuni. Ndani pakhomo pano amadziwa kumene chamba chimagulitsidwa? Utsi. Ndani wakhala akuwaseka kuti Abusa adzalawe kamodzi kokha kuti aone dziko mmene limakomera? Utsi yemweyo, ngakhale ananena zimenezo zaka zambiri zapitazo. Analowa m'kachipinda kake, anagubuduza matiresi, anakhuthula mabokosi a zida, osapeza kanthu. Anati ndiye kuti wabisa kwina.

"Taona maso akowo," anatero. "Ngakhale mlamu wakoyu amakufunsa tsiku ndi tsiku."

Utsi anandiyang'ana kamodzi kokha, mwachidule, kenaka anayang'ana nthochi zinali m'manja mwake. Sanavomere, sanakanenso. Anangoti, "Chabwino, achimwene."

Phokosolo linawadzutsa apongozi. Anatuluka akugwira khoma, mpango utapendekeka kumutu, n'kunena kuti mwana uyu sanachite chinthu chimenechi. Amuna anga anawayankha mwaulemu koma mouma, kuti amayi mwamuikira kumbuyo moyo wake wonse, lero wafuna kuwotcha anthu pamlatho, ndiye basi zakwana. Apongozi sanapitirize. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine pamwamba pa magalasi, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinati keke ikupserera, n'kuthamangira kukhitchini. Mu uvuni munalibe kanthu.

Ndili komweko ndinamva mawu omaliza. Amuna anga anati pakhomo pano usadzapondenso, ngakhale amayi zitavuta udzamvera kwa anthu. Utsi anasiya nthochi pawindo, anatenga chikwama chimodzi ndi chipewa chake cha kuntchito, n'kumapita. Dzuwa lisanalowe amuna anga anali atagula loko watsopano ndi kukhoma geti. Getilo anawotcherera ndi Utsi yemweyo, kwaulere, chaka chimene tinalowa m'nyumbayi.

4

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Tsiku lina kuchipatala, Utsi atapita kukatenga mankhwala pawindo, apongozi anayamba kusanza m'kabeseni pamzere pomwepo. Mayi wina amene amuna ake ankadwala matenda omwewo anandikodola n'kundinong'oneza kuti iye anapeza chothandiza. Anati ndi batala wophikidwa pamodzi ndi chamba. Umathira pang'ono m'zophikaphika, wodwala amadya, mseru umatha, tulo timabwera.

Sindinathamangire. Ndinawatsatira adokotala m'khonde la chipatala n'kuwafunsa mozungulira, ngati ndikufunsira munthu wina. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kundiuza kuti n'zoona odwala ena chimawathandiza pa mseru ndi ululu, ndipo kumadera ena chimabwera ngati mankhwala oyezedwa bwino. Koma iwo lamulo silinkawalola kundilembera, ndipo chogulitsidwa mobisa palibe amadziwa mphamvu yake, lero chofooka, mawa chogwetsa ng'ombe. Anamaliza n'kuti sanandiuze kuti ndichite, ndiponso sanamve kuti ndafunsa.

Sabata yotsatira mayi uja anandibweretsera kabotolo ka jamu kopanda cholembedwa chilichonse. Mkati munali batala wobiriwira wonunkha ngati udzu wonyowa. Nditafunsa muyeso wake anati, pang'ono pokha, mudzaona nokha. Ine munthu wa sikelo, woyeza ufa mpaka galamu yomaliza, ndinalandira mankhwala a munthu wodwala khansa ndi muyeso woti mudzaona nokha.

Apongozi sindinawabisire. Ndinawauza zonse, kabotolo kali m'manja. Nditamaliza anati, "Ndakwapula ana asukulu ambiri chifukwa cha chinthu chimenechi. Mwana wanga yemwe ndinamutaya nacho zaka khumi. Bweretsa."

Tinagwirizana kuti asadziwe wina aliyense. Amuna anga akanakataya kuchimbudzi tsiku lomwelo, ndipo Utsi sitinkafuna kumuikira nyama pamphuno atavutika chonchija kuti asiye.

Tsiku loyamba tinalakwitsa. Anadya bisiketi imodzi, ola linatha osamva kanthu, anati zabodza izi, ndipatse ina. Masana onse anagwira mutu wa bedi akunjenjemera, akuti khoma likupuma. Ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso. Koma tsiku lotsatira anadzuka n'kupempha dzira, dzira loyamba m'miyezi itatu, ndipo linakhazikika. Apo tinaphunzira kuti chinthuchi chikadyedwa chimachedwa kufika, ndipo chikafika sichichoka msanga. Tinakhazikika pa theka la bisiketi patsiku, nthawi ya teni, ndi tiyi.

Ndinkasamala, ndikukuuzani. Mbale yokandiramo inali yakeyake, thireyi yakeyake. Ndinkathira jinja wambiri kuti fungo libisike. Ndinkadula ndi katambula kakang'ono, n'kuboola katatu ndi foloko kuti asafanane ndi ena, ndipo chitini chake chinkakhala m'dilowa ya apongozi yokhoma ndi kiyi. Ndinatseka makomo onse amene mutu wanga unawaganizira.

5

Khomo limene ndinaliiwala linali m'manja mwangamu.

Mayi amene anandiphunzitsa kuphika anali ndi lamulo limodzi, lakuti ufa wokanda sutayidwa. Ukadula mabisiketi ndi tambula, m'mphepete mumatsala tizidutswa. Timeneto umatolera n'kuponya m'mbale. Yanga ndi ya buluu, imakhala m'furiji. Lolemba lililonse ndimakanda zotsalira zonse pamodzi n'kuphika mabisiketi opanda maonekedwe, osagulitsika, ndipo amenewo ndiwo anali a paulendo a amuna anga. Ankawakonda kuposa a m'sitolo. Ndachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, moti manja amatolera okha mutu uli kwina.

Masabata onse am'mbuyo zidutswa za apongozi ndinkazikandanso mpaka zithere m'mabisiketi awo omwewo. Koma Lolemba limenelo ndinali ndi makeke atatu oti atengedwe madzulo, magetsi anazima m'mawa n'kubwera thu koloko, foni ikungolira, apongozi akuitana kuti ndiwatembenuze. Kabotolo kanalinso katsopano, kobiriwira kwambiri kuposa koyamba. Ndinadula mabisiketi awo, ndinaboola ndi foloko, ndinakhomera m'dilowa. Zidutswa zake, zambiri ndithu chifukwa ndinkafulumira, manja anaziponya m'mbale ya buluu. Madzulo ndinakanda zonse pamodzi n'kudzadza chitini cha amuna anga. Iwo poona kuti akoma ndi jinja, anamaliza onse pa tiyi mmodzi.

Ndinazindikira zonsezi nthawi imene ndinanyamula chitini chopepuka chija. Ndiye kuti pamene Utsi ankaimbidwa mlandu pabwalo, ine ndinkadziwa.

Ndinadziuza kuti ndakhala chete chifukwa cha apongozi, kuti ndikaulula mabisiketi atha ndipo iwo abwerera koluma pilo. Chinali chifukwa chooneka bwino, ndipo ndinachivala masabata angapo. Koma choonadi ndi chakuti ndinkaopa. Ndinkaopa amuna anga, ndinkaopa apolisi, ndipo koposa zonse ndinkaopa makasitomala. Ndani angaitanitse keke ya mwana wake kwa mayi wophika ndi chamba? Utsi mbiri yake inali yoipa kale. Ndinaganiza kuti dothi lina pa ovolosi yakuda silioneka.

Kuntchito anawaitana amuna anga kawiri, kachitatu anawapatsa kalata yowachotsa. Anayamba kukhala pakhonde tsiku lonse, kiyi wa geti ali m'thumba. Tsiku lililonse masana Utsi ankabwera n'kuima kutsidya kwa msewu, pansi pa pholo la magetsi loyang'anizana ndi windo la amayi ake. Sankaitana, sankagogoda. Apongozi ankangondipempha kuti nditsegule katani. Ankayang'anana choncho mpaka nthawi yake yopuma itatha, iye n'kubwerera kuntchito.

Ine ndinapitiriza kubweretsa theka la bisiketi nthawi ya teni. Apongozi ankati siya pompo ndidya, ndipo pobwera ndinkapeza kambale kali mbee. Koma anayambanso kuonda. Kusanza kunabwerera, pilo anayambanso kunyowa ndi malovu. Ndinayesa kuti batala watha mphamvu, ndinawonjezera. Sizinasinthe. Kucheza nane anasiya, kundidzudzula za shuga anasiyanso, ankangoti zikomo ngati ndine namwino wachilendo. Tsiku lililonse ndinkati ndiulula mawa, ndiulula nkhani ya kuntchito ikatha, ndiulula keke iyi ikatengedwa. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo ine ndinafunda masabata asanu ndi limodzi.

6

Loweruka lina m'mawa apongozi anadziipitsira pogona. Amuna anga anawanyamula movutikira, popeza sanazolowere, n'kuwakhazika pampando m'chipinda momwemo, iwo n'kutuluka kuti ndigwire ntchito. Nditakoka bedi kuti ndikolope kuseri, ndinamva fungo la chinthu chovunda. Pakati pa bedi ndi khoma panali chikwama chawo chakale chachikopa, chimene ankanyamuliramo makope a ana asukulu. Nditatsegula, munali matheka a mabisiketi okhaokha, apansi atachita nkhungu, apamwamba akadali abwinobwino. Lililonse linali ndi timabowo ta foloko yanga.

"Usavutike kuwerenga," anatero apongozi. "Alipo makumi anayi ndi awiri."

Ndinakhala pansi ponyowa pomwepo. Ndinawafunsa kuti amayi, ululu wonsewu mwakhala mukuumva mankhwala ali pambali panu, chifukwa chiyani?

"Ndikaika m'kamwa ndimaona mwana wanga ataima papholo paja. Sizitsika."

Ndinalira. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiululire tsiku lomwe lija pabwalo, popeza ankadziwa zonse. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango, pang'onopang'ono.

"Ndikanena ine, banja lako latha, ndipo wolithetsa ndine, munthu amene wakhala ukumusambitsa. Ukanena wekha, mwina litsala. Ndimadikira iwe, mwana wanga. Koma ndawerengera masiku anga, ndipo sakundilola kudikiranso."

Sanakweze mawu, sanandinyoze. Bola akananditukwana, ndikanapeza pogwira. Ndinamaliza kukolopa, ndinayala nsalu zoyera, ndinawagoneka, kenaka ndinapempha kiyi wa geti kwa amuna anga n'kunama kuti ndikukagula mazira. Limenelo linali bodza langa lomaliza.

7

Malo amene Utsi amagwirira ntchito ndi shedi ya malata kuseri kwa sitolo ya matayala. Ndinafika ndi epuloni yanga yomwe, ndinaiwala kuvula. Ndinamupeza atawerama pa felemu ya windo, moto ukuthetheka. Pakona panali chitseko chakale chogonekedwa pa njerwa, pamwamba pake bulangete lopindidwa. Pamenepo ndi pamene ankagona.

Anazimitsa makina, anakweza magalasi osweka aja n'kundipatsa moni ngati tinasiyana dzulo. Ndinayamba kulankhula mawu amene ndinakonza m'njira, koma sindinafike nawo patali.

"Ndikudziwa, alamu," anatero.

Anati anadziwa sabata yoyamba yomwe. Jinja angapusitse achimwene, osati munthu amene anakhala ndi fungo limenelo zaka khumi. Ankalimva pa kapu ya amayi, pa nsalu yopukutira mbale, m'tsitsi mwanga momwe. Anandifunsa ngati sindinadabwe kuti Lolemba lililonse ankachoka m'mamawa osamwa tiyi. Linali tsiku langa lophika, ndipo fungolo linkamudzutsira njala yakale, moti ankathawa m'nyumba kuti asagwe. Koma ankaona amayi ake akudya, ndiye anatseka pakamwa.

Ndinamufunsa chifukwa chimene analolera kusenza mlandu wanga.

"Ndikanakana, achimwene akanafufuza mpaka kupeza kabotolo kanu. Mabisiketi akanathera pomwepo. Ine dzina langa linafa kalekale, alamu, palibe chimene ndinataya. Bola amayi azidya." Anamwetulira pang'ono n'kufunsa, "Akudya bwino, eti? Pawindo paja sindiona bwinobwino."

Pa zonse zimene ndachita m'moyo mwanga, kuyankha funso limenelo ndi kumene kunandivuta kwambiri. Ndinamuuza za chikwama chachikopa. Ndinamuuza kuti chichokereni iye, amayi ake sanalawe ngakhale theka limodzi.

Anakhala pansi pa mulu wa zitsulo. Anavula magalasi aja n'kumawatembenuza m'manja. Kunja wina ankapopa tayala, ndipo tinamvetsera phokoso limenelo mpaka linatha.

"Ndiye ndagona pachitseko masabata asanu ndi limodzi chifukwa cha chiyani?" anafunsa.

Sankafunsa ine kwenikweni. Koma yankho ndinali nalo, ndipo linali litaima patsogolo pake litavala epuloni.

8

Nditabwerera ndinawapeza amuna anga pakhonde. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kabotolo, chikwama chachikopa ndi mbale ya buluu, n'kuziika patebulo patsogolo pawo. Ndinafotokoza kuyambira pamzere wa kuchipatala mpaka pa chitini chopepuka. Ndinkayembekezera kukalipa, ngakhale khofi ndikanalilandira. Iwo anangomvetsera, manja ali pamaondo. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Tsiku lija ndinkamuthamangitsa, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu. Anaimirira, anatsegula geti, anachotsa loko n'kumuponya m'ngalande. Patatha ola anabwera awiri, wamkulu patsogolo, wamng'ono pambuyo, osalankhulana. Zimene anakambirana kushedi kuja sindinauzidwe mpaka lero.

Utsi analowa m'chipinda cha amayi ake n'kugwada pambali pa bedi. Apongozi anamugwira kumutu n'kumuuza kuti wanunkha, akasambe. Tsiku lotsatira nthawi ya teni ndinaima pakhomo la chipindacho ndi kambale, osadziwa ngati ndilowe. Amuna anga anayang'ana kambaleko nthawi yaitali, kenaka anati, mupatse mng'ono wangayo awadyetse. Utsi anatenga theka lija ndi zala zake, munthu amene ankathawa fungo lake lokha, n'kumanyema pang'onopang'ono kuika m'kamwa mwa amayi ake. Linatsika. Madzulo ake apongozi anamwa supu theka la kapu ndipo anagona osaluma pilo.

Anakhala nafe masiku khumi ndi limodzi. Anatisiya Lachitatu m'mawa, ana awo onse awiri ali pambali. Ndimayamika Mulungu chifukwa cha masiku amenewo, koma sindiiwala kuti akanakhala makumi asanu ndi mphambu zitatu, ndipo makumi anayi ndi awiri ndinawadya ndine.

Ntchito ya amuna anga sinabwerere. Ndinawapempha kuti ndipite ndikafotokoze kukampani, anakana. Anati lamulo lawo silifunsa kuti chalowa bwanji m'thupi, ndipo sakufuna kuti ana athu akaone amayi awo kupolisi. Pano amayendetsa kagalimoto konyamula simenti ndi malata pa sitolo ina ya zomangira. Utsi anapeza chipinda chake kwina. Mumsewu mwathu anthu amanenabe kuti ndi iye anawathirira achimwene ake chamba m'tiyi, ndipo nditafuna kuwongola nkhaniyo anandiletsa, anati makeke anu ndiwo akulipirira ana sukulu, zisiyeni. Amabwera Lamlungu, amandipatsa moni mwaulemu. Koma sananenenso kuti keke yanga yapendekeka.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukufuna ndikuuzeni ngati chinthuchi ndi chabwino kapena choipa. Ine ndatopa nalo funso limenelo. Ndinachiona chikubwezera mayi wodwala chilakolako cha chakudya pamene mapiritsi onse analephera, ndipo amene angakuuzeni kuti sichithandiza sanagwirepo kabeseni kosanziramo. Ndinachionanso chitatsala pang'ono kuyatsa thanki ya petulo pamwamba pa amayi ochapa. Chinali chinthu chimodzi chomwecho, m'kabotolo kamodzi komweko, kopanda dzina, kopanda muyeso, kopanda chenjezo. Mankhwala amene amaoneka ngati bisiketi amadyedwa ngati bisiketi. Chikanakhala kuti ana anga anali patchuthi sabata imeneyo, bwenzi ndikulemba nkhani ina yoopsa kuposa iyi. Opanga malamulo akanalola adokotala aja kulemba papepala zimene anandinong'oneza m'khonde, mwina apongozi akanalandira kabotolo koyezedwa bwino, ndipo sikakanafika m'mbale yanga ya buluu.

Koma sindibisala kumbuyo kwa lamulo. Lamulo silinanditseke pakamwa pabwalo paja. Kulakwitsa kwa manja kunatenga mphindi imodzi, ndipo amuna anga akanandikhululukira. Chimene chinapha nyumba yathu ndi masabata asanu ndi limodzi aja. Ngati pakhomo panu pali munthu amene mbiri yake inada kale, samalani, chifukwa tsiku limene mudzalakwe mudzaona kuti n'kosavuta kumusenzetsa.

Amuna anga sanandithamangitse. Timagona chipinda chimodzi, timapemphera limodzi, salankhula za nkhaniyi. Koma m'mawa uliwonse, m'nyumba imene uvuni umayaka kuyambira mbandakucha, iwo amavala nsapato n'kupita kusitolo kukagula buledi wawo. Chitini chija amasungiramo misomali. Ine zotsalira ndimatolerabe, manja sanamve mpaka pano, ndipo Lolemba lililonse ndimaphika mabisiketi opanda maonekedwe aja. Amakhala patebulo mpaka Lachisanu, ndipo palibe amene amawagwira.